Khutu Langa Linatsala pa Mlatho

Muno mu Kapata anthu amati ndine wonyada. Ati mkulu uja ankayendetsa malole ukam'patsa moni sayankha, amangopitirira ngati tauni ino ndi ya bambo ake. Zamkutu! Munthu wadzera mbali ya kumanzere, wang'ung'udza moni wake m'khutu lakufa, ndiye afuna ndiyankhe chiyani? Inunso sunthirani kuno kumanja, tisamangotayana mawu. Khutu ili silinafe ndi ukalamba ayi. Linachita kuphedwa, ndipo amene analipha ndimam'dziwa, ngakhale kuti pano ndi mafupa okhaokha.

Ine ndine Mngoni wa ku Mtenguleni, koma mtima unanditengera kwa Achewa a ku Mwami, kumene ndinakwatira Naphiri. Abale anga anandiseka kwabasi. Ati Mngoni wanji wokakhala pa chikamwini, kumalimira apongozi? Ndinkangowayankha kuti mukanamuona akuseka simukanafunsa. Koma sitinakhalitse. Udzu wa pa denga lathu unali usanade pamene amesinjala a ku Boma anayamba kuzungulira za msonkho, ndipo mwamuna wopanda msonkho ankam'manga chingwe m'chiuno mkazi wake akuona. Mafamu a fodya a kuno ku Foti Jemisoni, monga tinkatchulira Chipata masiku amenewo, malipiro ake anali achipongwe. Anyamata onse ankalowera kummwera, ndipo inenso ndinamanga kathumba kanga.

Naphiri anandiperekeza mpaka pa mphambano. Sanali mkazi wolongolola, ndipo akalankhula mawu ake anali apansipansi, oti uzichita kutchera khutu. Anangoti, "Musakachedwe inu." Ine ndinati mvula ikagwa kawiri mundiona. Pakamwa sipalipira msonkho, munthu umangolonjeza.

Nkhondo ya Jeremani inali isanayambe. Kunali malole otenga anthu mwaulere kupita nawo ku Halale, ndipo tinkati tachita mwayi, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Anatipanikiza kumbuyo ngati matumba a chimanga, fumbi la dziko la Apwitikizi likutilowa m'mano. Kameneko kanali koyamba ine kukwera galimoto. Anzanga ankasanza ndi kuitana amayi awo, koma ine maso anali pa kawindo koonera kutsogolo, kuyang'ana manja a dalaivala pa chiwongolero. Ndinadabwa kuti chinthu chachikulu chonchija chikumvera manja awiri a munthu.

Ndinakagwera pa famu ya fodya, kutali ndithu ndi tauni. Mwini wake dzina lake lenileni sindilitchula, lingandidetse m'kamwa. Ife tinkamuti Chimbama. Azungu ena ankayenda ndi chikoti, ena ankakudula phoso, koma uyu chida chake chinali dzanja, lalikulu, laubweya wofiira. Ukathyola tsamba losakhwima, mbama. Ukachedwa kuvula chisoti, mbama. Ukavula msanga, ati ukundiseka, mbama. Sankachita kukwiya kaye ayi. Ankamenya munthu kaliwo ali kukamwa, n'kupitiriza kucheza ndi galu wake.

Thupitu limaphunzira msanga kuposa mutu. Mvula yoyamba isanathe, tonse pa famupo tinali titaphunzira chinthu chimodzi. Dzanja loyera likangokwera m'mwamba, ngakhale mwini wake akufuna kungoingitsa ntchentche, manja ako awiri afika kale kumutu, khosi lalowa m'mapewa, maso watsinzina. Sunkaganiza, zinkangochitika zokha. Tangoganizani inu! Ine mdzukulu wa anthu a chishango ndi nthungo, ndikubisa mutu ngati nkhuku yoona mphamba. Ku komboni tikaweruka tinkatsanzirana, wina akhala Chimbama, ena n'kumadzigwetsa, tonse n'kumafa ndi phwete. Koma kuseka kwake kunali kowawa, aliyense ankakagona ali ndi kake mumtima.

Chimene chinandipulumutsa m'munda ndi nyama. Pa famupo panali dalaivala wa lole, Che Bwanali, Myao, Msilamu, munthu wamfupi wa kandevu kosongoka. Abale ake ankachita malonda kuno ku Foti Jemisoni, ndiye atamva kalankhulidwe kanga anati, "Iwe ndiwe wa kwathu." Nyama ya phoso iye sankadya poti sinali yochinja mwa Chisilamu, ndiye ankandipatsa ine. Ndisaname, ndinayamba kum'konda chifukwa cha nyamayo, zinazi zinabwera pambuyo. Yekhayo ndiye Chimbama sankam'khudza, chifukwa lole ikafa panalibe wina woidzutsa. Wothandiza wake atathawa, Che Bwanali anakapempha kuti am'patse ine. Ntchitoyo ankaitcha sipanala boyi, ngakhale ndinali ndi ndevu ndi mkazi kumudzi. Ndinkapukusa hendulo kuti injini ilire, kuthira madzi, kumata machubu, ndipo pokwera phiri ndinkadumpha ndi chipika kukatsekera tayala kuti lole isabwerere m'mbuyo.

Nkhondo itayamba, anyamata achizungu anapita kukamenyana, madalaivala anasowa, ndipo mwadzidzidzi anthu akuda tinakhala ndi nzeru zokwanira kupatsidwa laisensi. Kale ankati sitingathe. Ha, dziko ili! Che Bwanali anayamba kundiphunzitsa Lamulungu lililonse pa kamsewu ka kuseri kwa mabani a fodya.

"Mngoni iwe, tamvera," ankatero. "Kuyendetsa ngakhale nyani atha. Udalaivala ndi kuima."

Ine ndinkafuna kuthamanga, iye ankafuna ndiime. Ankati, "Chinthu chikatulukira mwadzidzidzi, kaya mbuzi kaya mwana, usakhote. Ukakhota uli ndi katundu lole igona chammbali, upha wa panjirayo ndi a kumbuyo omwe. Manja onse awiri pa chiwongolero, gwira zolimba, maso kutsogolo. Chotsa phazi pa mafuta, ponda buleki ndi mphamvu. Kilachi usaithamangire, leka injini ikuthandize kugwira, udzaiponde lole ikatsala pang'ono kuima kuti isazime. Ukamva matayala auma, akungokhwekhwereza pa miyala, masula phazi pang'ono, upondenso. Tayala louma silimva chiwongolero. Ikaima koka buleki ya pamanja, chotsa giya, upume. Ndipo usanyamuke usanayang'ane uku ndi uku."

Ankakhala phee pambali panga ngati akuwodzera, kenaka n'kumenya pa bolodi la kutsogolo, phaa! Ine n'kuima. Tikatsika ankalemba mzere pansi ndi kamtengo pamene lole yaimira. Mawa lake tikapakira nkhuni, andionetse kuti lole yolemedwa imapitirira mzere uja, ndipo pa matope imapitirira koposa. "Waona? Mwana wako akanakhala apa, bwenzi pano tikukumba manda." Ndinaphunzira mpaka iye mwini anavomereza kuti phazi langa lili ndi khutu.

Zaka zinali zitapita ndithu, mvula ziwiri zija zinabala zinzake. Kumudzi ndinkatumiza mabulangete, nsalu, ngakhale poto wachitsulo, ndipo ndinkadziona ngati mwamuna wosamala banja. Tsiku lina kunafika munthu wa ku Mwami kudzafuna ntchito, ndipo atandipeza anakhala pansi n'kuchotsa chisoti, ine n'kudziwiratu kuti si zabwino.

"A malume ake a Naphiri andituma," anatero. "Ati mukamuuze mkamwini kuti bulangete sililima, ndipo nsalu siibereka. Akapanda kufika chimanga tadzalachi chisanalowe m'nkhokwe, mwana wathu tim'masula. Pali mphunzitsi wina akufunsira."

"Nanga mwini wake Naphiri akuti chiyani?"

"Uja amalankhula? Angoti zii, maso pansi."

Mtima wanga unagwa. Kubwerera ndinkafuna, koma kubwerera chimanjamanja kukanakhala kungocheza, msonkho ukanandithamangitsanso, ndipo mapeto ake ndikanakhala mtchona ngati ambiri amene tinawakwirira kumeneko. Koma laisensi ili m'thumba, amwenye a masitolo kuno ankasowa madalaivala, ndikanagwira ntchito n'kumagona m'nyumba mwanga. Ukwati wanga wonse unapachikika pa kachikalata kameneko. Chimbama anavomera kuti ndikayesedwe, osati chifukwa cha chifundo ayi, ankafuna dalaivala wachiwiri wotchipa.

Mayeso ankachitikira ku polisi ya katauni kena. Woyesa anali mzungu wachinyamata, wowonda, wooneka wofatsa. Wapolisi wakuda anamasulira kuti, "Bwana akuti akakweza dzanja n'kumenya pa bolodi apa, uime ngati mwana wakudutsa kutsogolo." Ine mumtima ndinaseka. Ndinati amenewa ndiye masewera anga a Lamulungu. Ndinayenda bwinobwino, kubwerera m'mbuyo osagunda kanthu, kunyamuka pa chitunda osabwerera ngakhale pang'ono. Tinalowa msewu wowongoka, lole ikuthamanga ndithu. Kenaka cha kumanzere kwanga ndinaona dzanja loyera likukwera.

Chimene chinachitika ndinachidziwa chitatha. Ndinangozindikira manja anga ali kumutu, khosi lili m'mapewa, maso otsinzina, lole ikudziyendetsa yokha. Inalowa m'ngalande, n'kukaima itagunda chulu. Chisoti cha mzungu chinagwera kumapazi. Mantha atam'choka anayamba kuseka, ndipo anauza wapolisi uja mawu amene anandimasulira monyinyirika: ati anthu akuda mtima wa galimoto alibe, akaona zoopsa amatsinzina.

Mpaka lero ndikakumbuka mawu amenewo magazi amandiwira. Amatsinzina! Anatiphunzitsa kutsinzinako ndani? Kodi ndinabadwa nako ku Mtenguleni? Mzungu mmodzi watha zaka akuphunzitsa manja anga kuthawira kumutu, mzungu mnzake n'kudzandilepheretsa mayeso chifukwa manjawo aphunzira bwino. Wina akuthyola mwendo, wina akukuseka kuti ukutsimphina. Ndipo iwe uziti inde bwana, chisoti chili m'manja. Asa!

Pobwerera anayendetsa Che Bwanali. Tili m'njira anati, "Sunaope mwana wodutsa iwe. Unaopa dzanja."

Lamulungu lotsatira tinabwerera ku kamsewu kathu. Anakweza dzanja mwadzidzidzi, ine n'kuima bwinobwino. Anakweza chibakera, anakuwa, anandiopseza ndi sipanala, ine osaphethira n'komwe. Anakanda kandevu kake n'kuti, "Apa tikutaya mafuta. Dzanja langali ndi lakuda, ndipo thupi lako likudziwa."

Mukudziwa chimene anachita mkulu ameneyu? Anakatenga laimu amene tinkapakira makoma a mabani, n'kudzipaka mkono wonse mpaka m'chigongono. Anabwereka kwa khukhi wophikira bwana chisoti chakale cha Chimbama, n'kuluma kamtengo ngati kaliwo. Anakwera m'lole atatupitsa masaya, akukuwa Chilapalapa chija azungu ankatilankhulira, "Checha! Checha!" ndiye kuti fulumira. Ndinaseka mpaka m'mimba kupweteka. Tinanyamuka ndikusekabe. Koma mkono woyera uja utangokwera cha kumanzere kwanga, abale inu, manja anga anachoka pa chiwongolero. Ndikudziwa bwinobwino kuti ndi Che Bwanali, ndikudziwa kuti ndi laimu, koma manja anapita. Iye anakoka buleki ya pamanja, tinaima. Kuseka kunathera pomwepo. Ndinatsamira pa chiwongolero n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinaona kuti Chimbama sanali kunyumba kwake kokha, anali atalowa m'mikono mwanga.

"Lira, Mngoni, ukatha tiyambirenso," anatero Che Bwanali. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tinapitiriza Lamulungu ndi Lamulungu. Laimu anam'ng'amba khungu mpaka mkono kuchita mikwingwirima, koma sanadandaule, ankangousambitsa bwino nthawi ya kupemphera ikakwana. Pang'ono ndi pang'ono dzanja limodzi linayamba kutsala pa chiwongolero, kenaka onse awiri, khosi lokha n'kumagwedera. Koma mumtima ndinkadziwa kuti awa ndi masewera, dzanja lenileni lidakali kubwera. Ndipo masiku ankatha. Chimanga cha pa famu chinayamba kuuma, ine n'kumachiyang'ana ndikudziwa kuti cha ku Mwami nachonso chikuuma.

Inafika nthawi yopita ndi fodya ku okushoni, msika wogulitsirako fodya. Mabelo tinapakira mpaka pamwamba, ndiye tsiku lonyamuka Che Bwanali anadzuka ndi malungo, akunjenjemera pa mphasa, osatha ngakhale kukhala tsonga. Chimbama nayenso sakanayendetsa, ng'ombe inali itam'ponda phazi ndipo linali lomanga nsalu. Anandiloza ine. Laisensi ndilibe, malamulo ndi awo omwewo, koma fodya akafuna kugulitsidwa malamulo amagona. Anakwera n'kukhala kumanzere kwanga, kaliwo kukamwa, dzanja lija lili pa bondo pafupi nane.

Che Bwanali anandiitana ndisanakwere. Milomo ikunjenjemera anati, "Walemedwa lero. Yamba kuima usanafune kuima."

Tinayenda bwino mpaka dzuwa kufika pamutu. Panjirapo panali chitsikiro chachitali chokathera pa mtsinje, ndipo mlatho wake unali wopapatiza, wa galimoto imodzi, wopanda zotchinga m'mbali. Udzu unali wautali uku ndi uku. Ndinafuna kutsitsa giya kuti injini igwire, koma phazi linachedwa pang'ono, giya inalira, khrrr, isanalowe. Aliyense woyendetsa malole akalewo zinkam'chitikira. Chimbama anatukwana, ndipo ndinaona dzanja likunyamuka pa bondo.

Nthawi yomweyo mayi wina anatulukira m'udzu n'kulowa pakamwa pa mlatho. Anali ndi mtsuko pamutu, mwana kumbuyo, watifulatira, ndipo madzi ankasokosera moti sanatimve. Ndinaona zonse ziwiri pamodzi, dzanja kumanzere, mayi kutsogolo. Kokhotera kunalibe, uku mtsinje uku mtsinje. Manja anga ndinawamva ndithu akufuna kuchoka, akukoka okha ngati ng'ombe zofuna kuthawa goli. Koma maso anga anali atagwira kamutu ka mwana uja, kakugwedera pa msana pa amake. Ndinafinya chiwongolero, ndinaumitsa khosi, ndinatsegula maso, n'kulisiya dzanja libwere.

Linafika lonse pa khutu. Phaa! M'mutu munalira ngati mfuti, kutsogolo kunachita mdima wofiira, koma phazi linali kale pa buleki. Matayala anauma, ndinamva kumbuyo kukuyamba kutsetsereka chammbali, mabelo akukankha. Ndinamasula pang'ono, ndinapondanso. Anaumanso, ndinamasula, ndinapondanso ndi mphamvu zanga zonse, msana utakanikiza mpando. Kilachi pansi. Lole inagwedezeka n'kuima.

Fumbi litachepa ndinaona mtsuko uli zidutswazidutswa, madzi akuyenderera pansi pa bampala. Mayi uja anali atakhala pansi pomwepo, moti akanatambasula mkono akanagwira chitsulo cha lole. Anamasula mwana n'kum'papasa thupi lonse, kenaka anayang'ana kwa ine n'kuyamba kuwomba m'manja, akulankhula Chishona chakwawo. Ndinkangoona milomo ikuyenda. Ndinakoka buleki ya pamanja, ndinachotsa giya, monga anandiphunzitsira. M'khosi munkatsika chinthu chofunda, nditagwira ndinapeza magazi.

Mukuganiza kuti Chimbama anati chiyani? Kuti wachita bwino? Kuti pepa? Iyayi! Kaliwo wake anali atathyoka pomenyetsa pa bolodi, ndiye ankakuwa za kaliwoyo ndi za mabelo amene anasuntha kumbuyo. Mayi ndi mwana sanawaone n'komwe, kwa iye zinali ngati taimira chitsa. Anakwezanso dzanja. Ine ndinatembenuka n'kumuyang'ana m'maso, manja ali pa chiwongolero, magazi akudontha pa malaya. Sindinaphethire. Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi, kenaka linatsika n'kukakanda kumbuyo kwa khosi lake. Ndinadikira mayi uja awoloke, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kunyamuka.

Khutulo linatuluka mafinya masiku ambiri. Che Bwanali atachira ankandithira mafuta ofunda, koma anangopukusa mutu. Linasiya kupweteka, n'kusiyanso kumva. Ku chipatala ndani akanandipititsa, fodya ali pa msika?

Nditapitanso ku mayeso ndinapeza mzungu wowonda yemwe uja. Anakweza dzanja lake, ine ndinaliyang'ana ngati tsamba likugwa, lole n'kuima mowongoka bwinobwino. Anakondwera kwambiri, n'kuuza wapolisi uja kuti, waona, kulephera kuja kunam'phunzitsa. Anadzitenga ngati mphunzitsi wanga ndi iyeyo! Mkono wa Che Bwanali wong'ambika ndi laimu sanaudziwe, khutu langa sanalifunse. Ndinalandira laisensi ndi manja awiri.

Chimbama anakana kundimasula, ati dalaivala wake ndipita kuti. Che Bwanali ananditulutsa pa famupo nditagona pansi pa tenti ya lole, n'kukanditsitsa ku tauni. Anandiuza dzina la mbale wake kuno amene akanandilozera ntchito. Ndinafuna kum'thokoza mwaulemu, iye anangondikankha paphewa. "Pita, Mngoni, chimanga sichidikira." Sindinadzamuonenso. Mbale wakeyo anadzandiuza patapita zaka kuti anamwalirira komweko.

Ku Mtenguleni ndinapeza bambo anga ali m'manda, khola lopanda ng'ombe, amayi maso atachita khungu moti anandizindikira pondipapasa kumaso. Ndinalira maliro tsiku limodzi, m'mawa mwake ndinali pa njira ya ku Mwami, ndikuyang'ana m'minda ya anthu. Chimanga chinali chodula kale, chili m'mikukwe, koma nkhokwe zinali zisanadzaze. Ndinathamanga ngati wakuba.

Anandikhazika pa mpando pabwalo. A malume ake a Naphiri anakhala moyang'anana nane, nkhope ili gwa, ndipo mudzi wonse unasonkhana kudzaona mtchona wabwera. Ine maso ndinaika kwa a malumewo, monga ayenera kuchitira mkamwini wokhala ndi mlandu. Sindinaone kuti Naphiri watuluka m'nyumba ndi chikho cha madzi, wadzera kumbuyo, wagwada kumanzere kwanga. Sindinadziwe kuti akulankhula. Akuti analankhula nthawi ndithu, ndi mawu ake apansipansi aja, oti ndimve ine ndekha. Anthu anangoona milomo ikuyenda, iye amene sankalankhula, ndipo onse ankadikira yankho langa. Ine ndili duu, maso kutsogolo.

Azakhali a Naphiri ndiwo anaphulika, ndipo iwo ndinawamva poti anali kumanja. "Mwaonatu! Wabwera ndi chizungu ameneyu. Mwana wathu wam'dikira zaka zonsezi, akum'lankhula, iye ngakhale kucheuka!"

A malume anayamba kudzuka pa mpando. Ndinatembenuka, n'kuona Naphiri ali chogwada, chikho chili m'manja, misozi ikutsika. Mayo ine! Ndinali nditaimitsa lole yodzaza fodya pakamwa pa mlatho, koma apa ukwati wanga unkapita ndikuona. Panalibe kuchitira mwina. Ine Mngoni, pamaso pa apongozi, pamaso pa akazi ndi ana, ndinaulula kuti kumene ndinali ankandimenya mbama ngati kamwana, ndipo ndinafotokoza za mlatho, n'kuwaonetsa khutu. A malume anabwera okha, anawomba m'manja pafupi ndi khutulo, anaona kuti sindikuphethira. Anabwerera pa mpando wawo. Kenaka anati, "Mupatseni madzi amwe, wachokera kutali." Za mphunzitsi uja sizinatchulidwenso.

Titatsala awiri ndinam'funsa. "Naphiri, unati chiyani paja?"

Anandiyang'ana, n'kuzungulira kudzakhala kumanja kwanga. "Ndinanena kamodzi, ndipo ndinachita kulimba mtima. Mawu otero sabwerezedwa."

Ndinayesa akuseka, ndinati mawa anena. Ntchito ndinaipeza, ndinayendetsa malole a amwenye mpaka tsitsi kuyera, tinasamukira muno mu Kapata, tinabereka ana, tinaona adzukulu. Moyo wake wonse ankayenda kumanja kwanga, kutchalitchi, kumsika, kumaliro. Ndinam'funsa tili achinyamata, ndinam'funsa titakalamba, ndinam'nyengerera ndi nsalu, ndinayesa kukwiya. Ankangoseka kuseka kwake kuja n'kuti, "Munali pomwepo inu." Abale ake ndinawafunsa onse, palibe anamva. Atadwala matenda omaliza ndinam'funsanso, ndipo anandigwira khutu lakufali, n'kulisisita.

Ndiye anthu azinena kuti ndine wonyada, alekeni. Laisensi ndinaipeza, ukwati unapulumuka, ndipo mwana wa eni uja ndikhulupirira anakula n'kubereka ake. Koma mawu amene mkazi wanga anandisungira zaka zonse zija, amene anawanena kamodzi kokha pa moyo wake, anawathira m'khutu limene munthu anapha chifukwa giya inalira. Giya, abale inu!